Mandolini ya magetsi yotsika mtengo: ndigule iti yoti imveke pa siteji?

Woimba mandolini, Ulongué

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Gulu lathu tilipo asanu: wa madiramu, wa besi, wa kiyibodi, wa gitala ndi ineyo. Timaimba m'maukwati ndi pa misonkhano ya mpingo kuno ku Angónia, nthawi zina mpaka ku Tsangano. Mandolini imene ndili nayo ndi yopanda magetsi, anandisiyira malemu amalume anga. Pa siteji timangoiimikira maiki kutsogolo. Akakweza pang'ono sipika imayamba kukuwa, akatsitsa ndimangooneka kugwedeza dzanja popanda wondimva. Loweruka lapitali akwati anapempha nyimbo yomwe imayamba ndi mandolini yokha, ndipo sipika inalira mpaka anthu anatseka m'makutu. Ndinachita manyazi kwambiri, moti usiku wake tulo sitinabwere.

Ndagulitsa kachewere, ndalama pang'ono ilipo, koma si yambiri. Alamu anga akupita ku Johannesburg kumapeto kwa mwezi uno ndipo avomera kundigulira. Pa intaneti ndikuona zamitundumitundu, zina zokhala ndi mphako, zina thabwa lokhalokha ngati gitala ya magetsi, zina zopiringizika mokongola pamwamba. Ndigule iti?

Wa gitala, Moatize

Achimwene, musavutike. Gulani ya thabwa lokhalokha. Ilibe mphako, ndiye kukuwa kuja sikungakuvuteninso. Mumangolowetsa mu amplifaya ya gitala basi. Fender anayamba kupanga zoterezi mu 1956, za nsambo zinayi, ndipo Epiphone anapanganso ina yotchedwa Mandobird, ya nsambo 4 ndi ina ya 8. Mukaipeza yogwiritsidwapo kale ntchito, tengani.

Mtsogoleri wa kwaya, Furancungo

Ine pamenepo ndikukana, bambo a ku Moatize. Ndinamvapo ya nsambo zinayi pa msonkhano wina, ndipo ndikanapanda kuyang'ana ndikanati ndi gitala yomwe akuimba kumunsi kwa khosi. Chimene chimakometsa mandolini ndi nsambo ziwiriziwiri zija, G G, D D, A A, E E, makamaka mukamanjenjemeretsa dzanja mofulumira pa mawu amodzi. Gulu lawo lili kale ndi gitala. Abweretserenji ina yaing'ono? Akwati anapempha mandolini, apatseni mandolini.

Woyendetsa mikisa, mzinda wa Tete

Mayi anena zoona, komanso achimwene a ku Moatize sanalakwe pa nkhani ya kukuwa. Ndiloleni nditalikitse pang'ono, chifukwa vutoli ndimakumana nalo pafupifupi mwezi uliwonse, ndipo nthawi zambiri anthu amanena chida pamene cholakwika ndi njira imene mawu akudutsa.

Pickup, kachipangizo kotola mawu a chida kuti apite ku sipika, pa mandolini zilipo za mitundu iwiri. Yoyamba ndi piezo. Imakhala mu bridge, kamtengo kaja nsambo zimatsamirapo, kapena amaimata pa thabwa la pamwamba. Imamva kunjenjemera kwa mtengo, choncho mawu ake amayandikira a mandolini yeniyeni. Koma popeza imamva mtengo, imamvanso sipika ikamagwedeza mtengowo, ndipo pa gulu la madiramu kukuwa kumabweranso, ngakhale sikufika pa mmene kumakhalira ndi maiki. Chachiwiri, piezo imafuna polowera pa impedance yokwera (impedance ndi muyeso wa mmene polowerapo pamakanira magetsi), kuyambira megaohm imodzi kupita m'mwamba. Polowera pa line m'mamikisa athu ambiri ndi pafupifupi ma kilo-ohm 10 okha. Mukailowetsa mwachindunji mawu amatuluka opyapyala, olasa m'makutu ngati mukukanda lata. Anthu amati ndagula chida choipa, pamene chasowa ndi preamp pakati, kabokosi kolimbitsa mawu asanafike ku mikisa. Kotsika mtengo kamene ambiri amakadziwa ndi Behringer ADI21, kamayendera batire ya 9V ndipo kali ndi potulukira pa XLR, polowetsa chingwe cha mapini atatu ngati cha maiki. Mukasankha piezo, mtengo wa kabokosiko muuwerengere limodzi ndi wa mandolini.

Yachiwiri ndi ya maginito, yofanana ndi ya gitala ya magetsi. Iyi imamva waya wachitsulo, mtengo saumva kwenikweni. Mutha kukweza kwambiri isanayambe kukuwa, ndipo imalowa bwinobwino mu amplifaya ya gitala kapena mu DI wamba, kabokosi kolumikizira chida ku mikisa. Kamvekedwe kake kamapendekera ku gitala pang'ono, izi sindibisa, koma ngati nsambo zili 8 ndipo thupi lili ndi mphako, munthu wa kumbuyo kwa tenti adziwabe kuti iyi ndi mandolini.

Tsono mphwanga, ndiyankheni izi: madiramu anu ndi okuwa bwanji, muli ndi sipika yoyang'ana kwa inu oimba, nanga magetsi mumatenga kuti?

Woimba mandolini, Ulongué

Zikomo akulu, mwanditsegula m'maso. Wa madiramu wathu dzanja lake ndi lolemera, timamuuza koma nyimbo ikafika pakoma amaiwala. Sipika yoyang'ana kwa ife ilipo imodzi, imakhala pansi patsogolo panga penipeni. Ku boma kuno magetsi alipo, koma m'midzi timayendera jenereta. Ndiye ndimaganiza, bwanji ndingoika piezo pa ya amalumeyi? Mawu ake ndimawakonda kwambiri.

Mmisiri wokonza zoimbira, Matundo

Mwana wanga, ya amalume anuyo isiyeni kunyumba. Kuiika piezo n'kotheka osaboola n'komwe, pali jack (polowetsa chingwe) ina yomwe imangomangiriridwa m'mphepete mwa thupi. Koma chida cha chikumbutso sichoyenda nacho pa chapa (minibasi) ndi pa njinga yamoto Loweruka lililonse. Zimene zimandifika kuno zitasweka khosi, zambiri zimasweka pa ulendo, osati pa siteji.

Pa zogula, ndiyambe ndi zopiringizika mwazitchulazo. Zimenezo amati F, zosalala zooneka ngati dontho la madzi amati A. Kupiringizika kuja ndi ntchito yambiri kwa wosema, n'chifukwa chake mtengo umakwera, koma pa mawu sikuwonjezera chilichonse chomwe mungachimve mukalowetsa mu sipika. Ndalama ikakhala yochepa, A yabwino imaposa F yotchipa. Musalipirire maluwa.

Alamu anuwo ngati saimba, muwalembere izi papepala apatse wogulitsa. Khosi likhale ndi chitsulo chosinthika mkati, truss rod, kawirikawiri mumaona kachivindikiro kumutu pafupi ndi zochunira. Nsambo 8 zimakoka mwamphamvu pa kakhosi kakang'ono, ndipo likapindika popanda chitsulocho ine ndilibe pogwira. Bridge ikhale ya timagudumu tiwiri tokwezera ndi kutsitsira. Zochunira zonse 8 azizungulitse, pasakhale yolimba kapena yozungulira pachabe. Ayendetse chala m'mphepete mwa khosi, mafureti, tizitsulo topingasa pa khosipo, asabaye. Ndipo aiyese mu amplifaya m'sitolo momwemo, agwedeze chingwe pa jack amve ngati sichikuthetheka.

Za mtundu, yomwe ndikuidziwa kuti ndi ya A, ya nsambo 8, ya mphako komanso ya pickup ya maginito ndi Ibanez M510E. Sindikuti ndi yokhayo. Ikapezeka ina yokwaniritsa zomwe ndalembazi pa mtengo wotsikirapo, atenge.

Wa gitala, Moatize

Chabwino, pa nsambo 8 ndagonja. Koma akulu a mikisa, simunanene za kung'ung'udza. Pickup ya maginito ya koyilo imodzi pa jenereta imalira ngati njuchi. Ine ndimavutika nazo pa gitala yanga.

Woyendetsa mikisa, mzinda wa Tete

Mwakumbutsa chinthu chenicheni. Magetsi athu ndi a 50 Hz, ndipo koyilo imodzi imatola phokoso limenelo, makamaka mukaima pafupi ndi amplifaya kapena nyali zina. Silitheratu koma limachepa. Zida zonse za gulu zitenge magetsi pamalo amodzi, osati ena pa jenereta ena pa khoma la nyumba. Chingwe chochoka pa mandolini chikhale chachifupi komanso chabwino, mamita 3 kapena 5, chikalowe mu DI, ulendo wautali wopita ku mikisa uyende pa XLR. DI ambiri ali ndi kabatani ka ground lift kochepetsera kung'ung'udza, mukayese mbali zonse ziwiri. Koma chonde wina asadule waya wa earth pa pulagi pofuna kuthetsa phokoso. Nsambo ndi zachitsulo, zili m'manja mwanu, ndipo pakamwa pali maiki. Pamenepo munthu amafa.

Mukamva kung'ung'udza, tembenukani pang'onopang'ono muli chiimire, mupeza mbali ina pomwe phokoso likutsika. Pakati pa nyimbo muzitsitsa voliyumu pa mandolini pomwepo.

Sipika ili patsogolo panuyo muisunthire pambali, isamawombe pa thabwa la mandolini. Ndipo wa mikisa wanu adule mabesi pa chanelo yanu. Mawu otsikitsitsa a mandolini ndi G wa 196 Hz, ndiye chilichonse cha pansi pa 100 Hz si chanu, ndi phokoso la siteji lokha. Kabatani ka low cut, kodulira mabesiwo pa mikisa, kakhale kotsindika nthawi zonse. Kukuwa kukapitirira, tsekani timabowo tiwiri ta pa thabwa la pamwamba pa mandolini ndi siponji yofewa.

Mtsogoleri wa kwaya, Furancungo

Ine changa n'chimodzi: nsambo zapadera. Za mandolini zili ndi kalupu kumapeto, si za kampira ngati za gitala, ndipo kwathu kuno simungazipeze pa okala. Alamuwo abweretse mapaketi angapo. E ikaduka pakati pa ukwati mulibe kolowera.

Mmisiri wokonza zoimbira, Matundo

Mayi mwandikumbutsa, ndipo apa mpomwe ambiri amagwa. Nsambo zambiri za mandolini, za G ndi D zimakulungidwa ndi bronze. Maginito samva bronze, amangomva kawaya kachitsulo kali mkati. Zotsatira zake A ndi E zimakuwa, G ndi D zimamveka patali. Pa pickup ya maginito mugule zokulungidwa ndi nickel kapena chitsulo. Muwauze alamu awerenge pa paketi.

Pa ulendo, afewetse nsambo pang'ono chabe, osati kumasuliratu, chifukwa bridge ya mandolini siyomatidwa, imagwidwa ndi nsambo zokha. Isapite pansi pa basi pamodzi ndi masaka, ikhale nawo pampando. Akadutsa pa malire a Cuchamano akhale ndi lisiti m'manja chifukwa a kasitomu adzaifuna, ndipo ndalama ya msonkho muisiyiretu pambali. Chinanso, kutentha kwa kuno ku Tete mukukudziwa, mwezi wa Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40. Si kwanu kozizira ku Angónia. Chida chikatsala m'galimoto yotseka masana, guluu amafewa. Akatsika basi abwere nayo kuno ku Matundo, ndi kungowoloka mlatho wa Samora Machel, ndidzaikonze isanakwere kumapiri.

Woimba mandolini, Ulongué

Ndalemba zonse. Ya A, nsambo 8, maginito, mapaketi atatu a nickel, chingwe chachifupi ndi DI. Ndawerengera, ndalama ikukwana ndikasiya chikwama cholimba, ndiyamba ndi chansalu.

Mmisiri wokonza zoimbira, Matundo

Ayi, chikwama musasiye. Chepetsani paketi imodzi ya nsambo, DI mubwereke kaye. Msewu wa ku Tsangano ndi chikwama chansalu sizigwirizana.

Woyendetsa mikisa, mzinda wa Tete

DI ndili nayo ina yomwe ikungokhala. Ndidzawapatsira alamu anuwo, mudzabweze mukagula yanu.

Woimba mandolini, Ulongué

Akuluakulu, ndabweranso patatha milungu isanu. Mandolini inafika bwino, ndipo dzulo taimba nayo ukwati woyamba ku Dómuè, pa jenereta. Nyimbo ija ndinaiyamba ndekha, sipika sinakuwe ngakhale kamodzi, ndipo amayi a kumbuyo analulutira ndisanamalize n'komwe ndime yoyamba. Kung'ung'udza kunalipo pang'ono, ndinatembenukira kumanzere n'kuchepa. Mulungu akudalitseni nonse.

Chatsala chimodzi. Posintha nsambo ndinachotsa zonse nthawi imodzi, bridge inasuntha. Tsopano ndikachuna bwinobwino, kumtunda kuno ikumveka bwino, koma ndikatsikira ku mafureti a kumunsi mawu akukwera kupitirira a kiyibodi.

Mmisiri wokonza zoimbira, Matundo

Bridge yayandikira khosi. Fewetsani nsambo pang'ono, muikankhire kumbuyo, chakumene nsambo zimakoledwa, pang'ono kwambiri ngati milimita imodzi. Chunaninso, kenako gusani waya pamwamba pa fureti ya 12 osatsindika n'kuuimba, mumve kaluzu kamene kamatuluka, ndiye mutsindike pa fureti yomweyo. Mawu awiriwo afanane. Otsindika akakhala okwera, bwererani kumbuyo. Akakhala otsika, sunthirani kukhosi. Muyese pa E ndi pa G, chifukwa nthawi zambiri bridge imakhala yopendekeka pang'ono, mbali ya G ili kumbuyo. Mukapapeza, lembani ndi pensulo mopepuka m'mphepete mwa mapazi ake, ndipo ulendo wina muzisintha nsambo imodziimodzi.