Feteleza watha, nanga phindu lija lili kuti?

Nabanda: (chithunzi) Taonani mashelefu a sitolo yathu m'mawa uno. Mvula yagwa kawiri, anthu ayamba kubzala, ife pakhomo tapachika katoni yolembedwa kuti "feteleza watha". Amayi anga apita ndalama atamanga pachitenje, abwerera chimanjamanja. Si sitolo yomweyi tinauzidwa mu Ogasiti kuti yapanga phindu la K13 miliyoni?

Gama: Zayambanso za mjigo zija.

Wapampando: Abale anga tiyankhule mwaulemu, muli akuluakulu muno. A manijala ayankha akapeza mpata.

Gama: Za mjigo munatinso msungichuma ayankha akapeza mpata. Mpaka lero tikumwa pachitsime.

Mbewe (Joni): Mwaswera bwanji nonse. A Gama, dikirani kaye musanatchule wakuba. Mabuku amene alembi anatumiza muno mu Ogasiti ndawawerenga Loweruka lonse, ndipo ndalama yobedwa sindinaione. Chimene ndaona n'choipa mwanjira ina. Phindu lilipodi papepala. Tagulitsa katundu wa K73 miliyoni pachaka, amene tinamuoda pa K60 miliyoni. Koma phindu la papepala silikweza thumba la Urea pa lole. Funso ndi lakuti kwacha ikatuluka m'kabati kukaoda katundu, imatenga masiku angati kuti ibwerere m'kabatimo. Kuntchito kwathu kuno timati cash conversion cycle, ndipo bwana wanga akafuna kudziwa ngati manijala wa nthambi akugwira ntchito kapena akuwodzera, amayamba wayang'ana pamenepo asanayang'ane phindu.

Gama: Chizungu chayamba.

Mbewe (Joni): Palibe chizungu apa achimwene, mayi wogulitsa mandasi amazidziwa bwino izi. Amagula ufa ndi mafuta m'mawa, pofika madzulo ndalama yabwerera ndi kamwana kake. Wake ulendo ndi tsiku limodzi. Wathu tiwerenge.

Choyamba, katundu amagona masiku angati m'sitolo asanagulidwe. K60 miliyoni mukaigawa ndi masiku 365, ndiye kuti tsiku lililonse mumatuluka katundu amene tinamuoda pa K164,000. Koma m'nyumba yosungiramo muli katundu wa K18 miliyoni. Gawani, mupeza masiku 110. Chinthu chikalowa m'sitolo yathu chimakhala miyezi itatu ndi theka chisanapeze mwini.

Chachiwiri, wotenga pangongole amabweza patapita masiku angati. Timagulitsa za K200,000 patsiku, m'buku la ngongole muli K9 miliyoni. Amenewo ndi masiku 45.

Chachitatu, ife timalipira amene timawaoda katundu patapita masiku angati. Tili nawo ngongole ya K2.5 miliyoni basi, ndiye masiku 15. Amenewa timachotsera, chifukwa masiku amenewo timakhala tikuyendera ndalama ya eni ake.

110 kuphatikiza 45 kuchotsa 15. Masiku 140. Kwacha imene munasonkha inu a Nabanda ikachoka m'kabati lero, ibwerera mu Epulo, msika wa fodya ukutsegulidwa ku Chinkhoma. Ndiye mukudabwa kuti feteleza palibe?

Nabanda: Iii koma ndiye yapita kutali ndalamayo.

Aphunzitsi Zulu: Zamveka bwino a Mbewe. Nanga nthawi ya malemu a Mwale zinali bwanji?

Mbewe (Joni): Ndawerengeranso za 2022. Katundu masiku 65, ngongole za anthu masiku 15, ife kulipira masiku 30. Zonse pamodzi 50. Madala aja sukulu anailekezera sitandade 8, koma mpamba womwewo ankauzunguliza kasanu ndi kawiri pachaka. Panopa ukuzungulira kawiri ndi theka.

Gama: A Mwale omwewo ndi amene anasaina cheke cha mjigo. Musawayeretse poti anapita.

Naphiri: A Gama, malume anga ali kumanda, alekeni agone. Cheke chija anasaina anthu atatu ndipo awiri ali muno akuwerenga.

Wapampando: Nkhani ya mjigo inakambidwa kwa a gulupu ndipo inatha.

Gama: Inathera kwa a gulupu, madzi sanatuluke.

Nankhoma (manijala): Ndangotseka kumene sitolo, pepani pochedwa. Malume a Mbewe, masamu anu sindikuwatsutsa koma mukuwerengera muli ku Johannesburg. Mabuku aja tinatseka kumapeto kwa Julayi, nthawi imene timadzaza dala katundu podikira anthu amene agulitsa fodya ndi soya. Mukanawerenga mu Febuluwale mukanapeza m'nyumbamo muli mbee. Chinanso, mwaiwala za kugwa kwa kwacha? Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti usiku umodzi. Amene anali ndi ndalama ku banki analira, ife amene tinali ndi matumba m'nyumba tinapulumuka. Kuno ukagulitsa lero, mawa ukakaoda wapeza mtengo wasintha. Katundu ndiye banki yathu.

Mbewe (Joni): Mwana wa mlongo wanga, za Julayi wanena zoona, ndikuvomera. Kuwerengera tsiku limodzi pachaka kumanamiza pa bizinesi yoyendera nyengo, tikanayenera kutenga miyezi yonse 12 n'kupeza pakati pake. Nditumizire mapepala a mwezi ndi mwezi ndiwerengenso. Za kugwa kwa kwacha nazonso ndikumva. Koma tandiuza, mu K18 miliyoni ija feteleza ndi wa zingati? Pandandanda ndikuona simenti matumba 200, penti, malata a geji 28, mawilibala 14. Mawilibala 14 kwathu kuja agula ndani? Kusunga katundu amene anthu akumufuna mwezi wamawa ndi nzeru. Kusunga simenti yodutsa nayo dzinja ndi kuumba miyala.

Ndiponso mfundo yako ya kwacha ikukutembenukira pa ngongole. Ngati kwacha ikuchepa mphamvu, amene watenga thumba mu Juni n'kudzabweza mu Disembala pamtengo wakale watidyera. Reserve Bank inakweza policy rate, chiwongoladzanja chimene imabwereketsera mabanki, kufika pa 26 peresenti mu 2024. K9 miliyoni imeneyo tikanati tikaikongole ku banki pa 26 yomweyo, chiwongoladzanja chokha ndi K2.3 miliyoni pachaka. Ife tikuibwereketsa ulere, pamene ngakhale ku banki mkhonde azimayi salola zimenezo.

Nankhoma (manijala): Simenti sindinaode ndine. Komiti inati tiyamba kumanga chipinda cha azimayi oyembekezera mu Meyi, ndisunge matumba 200 pambali. Mpaka lero palibe amene wakumba maziko. Matumba apansi ayamba kale kuuma m'makona, ndinauza wapampando mwezi watha.

Wapampando: Pulani ya nyumbayo tikudikirabe kuchokera ku boma.

Aphunzitsi Zulu: Nanga mawilibala?

Nankhoma (manijala): Amenewo ndi anga, ndinalakwitsa.

Chisale (Leeds): Moni nonse, ndangoweruka. Ine ndikuona kuti yankho ndi losavuta. A Mbewe akuti masiku olipira timachotsera, ndiye tingowachulukitsa. Soya ndi mtedza amene timagula kwa alimi tiziwalipira pakatha miyezi iwiri. Masitolo akuluakulu kuno amatero, amagulitsa mkaka lero, mwini mkaka adzamulipira mtsogolo.

Mbewe (Joni): Papepala zimatheka alamu. Dell ya ku America inatchuka nazo m'zaka za m'ma 1990, munthu ankalipira kompyuta isanalumikizidwe n'komwe, iwo n'kudzalipira opanga zipangizo pambuyo, mpaka masiku awo anatsika kupitirira ziro. Ankachita bizinesi ndi ndalama za ena. Koma amene ankawadikiritsawo anali makampani. Ife mlimi amene mukuti adikire miyezi iwiri ndi azakhali anu. Nambala ikhoza kukongola manijala akungofinya anthu osauka, n'chifukwa chake simuyang'ana nambala yomaliza yokha, mumayang'ana kuti yatsika chifukwa cha chiyani.

Naphiri: A Chisale bwerani mudzawauze nokha amayi anu kuti ndalama ya mtedza adikire. Mavenda ali ndi sikelo pamsewu pomwepo, amalipira pompopompo.

Chisale (Leeds): Ndimangopereka maganizo. Paja ine ndinatumiza mapaundi 300 a mjigo, lisiti sindinalione.

Gama: Mwamva? Si ine ndekha.

Mbewe (Joni): Amene tiyenera kukambirana nawo za masiku ndi amene timawaoda ku Lilongwe. A Mwale ankapatsidwa masiku 30 chifukwa sankaphonya tsiku. Chinachitika n'chiyani kuti atidule kufika pa 15?

Nankhoma (manijala): Tinachedwa kulipira kawiri chaka chatha. Panopa feteleza amafuna kashi, ndipo akuti ngakhale ena onse sakuwapatsanso pangongole chifukwa cha mavuto a ndalama zakunja.

Mbewe (Joni): Mwaona mmene zimagwirirana? Anthu achedwa kutibwezera, ife tachedwa kulipira, otipatsa katundu atidula masiku, dzenje lakula. Tsiku limodzi lililonse limene tingadule pa katundu wogona likutimasulira K164,000. Titadula masiku 30 okha ndi pafupifupi K5 miliyoni, popanda wina kusonkhanso tambala. Ndiye m'malo moti mwezi wamawa mutiuzenso za msonkhamsonkha, gulitsani simentiyo ngakhale motchipa isanasanduke mwala, mawilibala apite pamtengo umene tinaodera, ndipo buku la ngongole litsekedwe lero. Amene sanabweze pofika pa 30 dzina lake liikidwe muno. Manijala amene sangathe kutolera ngongole sakuyendetsa sitolo, akuyendetsa bungwe lachifundo. Pepani kulankhula mowawa koma ndi mmene zilili.

Nabanda: Pamenepo ndagwirizana nazo. Maina abwere.

Aphunzitsi Zulu: Tisafulumire. Ena timatenga podikira malipiro, ndipo mukudziwa kuti mwezi wina amachedwa. Si kukana kubweza.

Gama: Aphunzitsi mwadziulula nokha.

Nankhoma (manijala): Malume, mwati sindingathe kutolera. Chabwino. Mu K9 miliyoni imeneyo, ya anthu wamba akumudzi siyikwana K2 miliyoni, ndipo amenewo amabweza akangogulitsa mbewu, ena amabwera ndi nkhuku. Yotsalayo ndi ya anthu a m'gulu lino. Munthu amaimba foni usiku kuchokera kunja, "apatseni amayi matumba anayi, nditumiza pa Mpamba Lachisanu". Ndikane bwanji poti sitolo ndi yawo, ntchito anandilemba ndi iwowo? Pamaliro a kwa amfumu komiti inatenga shuga, mchere ndi mafuta za K640,000, akuti tidzabweza pa zopereka. Ndikalembe kalata kwa ndani?

Wapampando: Za maliro si zokambira pano mwana iwe.

Nankhoma (manijala): (chithunzi) Tsamba loyamba ndi limenelo. Alipo masamba asanu ndi limodzi.

Wapampando wachotsa uthengawu.

Naphiri: Mwachedwa bambo, ndajambula kale. Nambala 4, malata 36, pa 12 Juni, K1.1 miliyoni, "a Mbewe a ku Joni, nyumba ya amayi". Masiku angati amenewo aphunzitsi? Tiwerengereni.

Aphunzitsi Zulu: Apitirira 150.

Gama: Kuchotsa 15.

Mbewe (Joni): Ndalama imeneyo ndinapatsira mnyamata wa basi mu Julayi kuti akasiye kwa msungichuma. A msungichuma muli muno, yankhulani.

Chisale (Leeds): Msungichuma wake uti, wa mjigo yemwe uja?

Msungichuma watuluka m'gulu.

Wapampando: Nkhaniyi tikaikambe pamsonkhano wa Khirisimasi tonse tikakumana kumudzi. Pakadali pano ndatseka, olemba ndi ma admin okha.

Wapampando: A Nabanda, auzeni amayi kuti kwa mmwenye ku boma Urea alipo, koma apite m'mawa.