Bwanji ku Scotland anapha "afiti" ambiri kuposa ku England?

Nabanda:
Akuluakulu, ndithandizeni. Maiko awiriwa anakhazikitsa malamulo oletsa ufiti chaka chimodzi, 1563, ndipo malamulo a ufiti anathetsedwa konseko mu 1736. Nanga zinatheka bwanji kuti ku Scotland, komwe anthu anali ochepa kwambiri, oimbidwa mlandu anaposa 3,800 ndipo ophedwa akuti anafika cha m'ma 2,500, pomwe ku England ophedwa anali pafupifupi 500? Komanso, n'zoona kuti ankawatentha amoyo?

aPhiri:
Mayi Nabanda, nkhani yagona pa yemwe ankaweruza. Ku England mlandu unkadikira oweruza odziwa malamulo ochokera ku London, omwe ankayendera zigawo kawiri pachaka. Woimbidwa mlanduyo sankamudziwa, ndipo ambiri ankawamasula. Ku Scotland nkhani inkayambira kwa akulu a mpingo. Akasonkhanitsa umboni, ankapempha chilolezo ku Privy Council (bungwe la alangizi a mfumu) ku Edinburgh, kenako eni malo a m'dera lomwelo n'kuzenga okha mlanduwo. Woweruza anali mnansi woti mphekesera zonse anazimva kale. Apo munthu akanapulumukira pati?

Za moto: ku England ankanyonga. Ku Scotland nthawi zambiri ankayamba amufinya pakhosi ndi chingwe ali womangidwa pamtengo, n'kutentha mtembo.

aMbewe:
Ndiwonjezerepo momwe ankavomeretsera anthu mlandu ku Scotland, chifukwa ndi pomwe panali nkhanza zenizeni. Ankamutsekera munthu, alonda n'kumasinthana kuti asagone. Pakatha masiku atatu kapena anayi opanda tulo, mutu umasokonezeka, munthu amayamba kuona zinthu zomwe palibe ndipo amavomera chilichonse. Kenako ankamufunsa kuti, "Kumsonkhano wa Satana unali ndi yani?" Akatchula mayina asanu, asanuwo ankagwidwa, nawonso n'kutchula anzawo. Ndi momwe milandu ya m'tauni ya North Berwick inakulira mu 1590, Mfumu James VI ya ku Scotland itakhulupirira kuti namondwe yemwe anavutitsa zombo zake anachita kutumidwa. Agnes Sampson, mzamba wodziwika, mfumuyo inamufunsa yokha, ndipo anaphedwa mu 1591.

Panalinso obaya singano, monga John Kincaid. Ankamuvula munthu, kumumeta, n'kumabaya thupi lonse kufuna malo osamva kuwawa kapena osatuluka magazi, ati chizindikiro cha Satana. Chipsera chakale kapena njerewere zinkakwana kumupachika mlandu.

Nachisale:
Mfundo ya aPhiri imaonekera bwino ku England komweko. Mu 1645, nkhondo yapachiweniweni itasokoneza makhoti, Matthew Hopkins, wosaka afiti, anapeza mpata m'chigawo cha East Anglia. Nayenso ankakaniza anthu tulo, ena ankawaponya m'madzi atamangirira zala zazikulu za m'manja ku zala za kumapazi mopingasa. Woyandama ndiye mfiti, ati madzi amukana chifukwa anakana ubatizo. Ku Bury St Edmunds ananyonga anthu 18 tsiku limodzi chaka chomwecho.

Koma tisawayeretse oweruza a ku London aja. Mu 1612 ku Lancaster anamvera umboni wa Jennet Device, mwana wa zaka 9, ndipo mayi ake enieni anali m'gulu la anthu 10 omwe ananyongedwa.