Andipempha kuti ndikhale kochi wa volleyball, ndivomere?

Membala wobisa dzina:
Abale, ndithandizeni maganizo. Ndinasewera volleyball zaka zinayi ku koleji, ndinali setter, wokonzera anzanga mpira kuti amenye. Chaka chomaliza ndinavulala bondo, mpaka lero ndikakwera masitepe limandilasa. Ntchito sindinaipeze, malume amangonditonza kuti ndinapita kusukulu kukadumphadumpha, ndipo amene ndinkagona naye chipinda chimodzi sanandibwezerebe nsapato zanga zosewerera. Tsopano andipempha kuti ndiziphunzitsa timu ina kwathu kuno. Mipira ilipo iwiri, umodzi ndi wobooka. Tulo sindikuona. Ndivomere? Ndiyambire pati?

Mkulu wa ku Katoto:
Mwana wanga, kusewera ndi kwina, kuphunzitsa ndi kwina! Ana a masiku ano amathamangira smash asanadziwe kulandira service. Miyezi itatu yoyamba azingolandira mpira mpaka mikono itupe. Ubwere ku Mzuzu nthawi ya mpikisano wa Raiply udzaone mmene asilikali a Moyale amalandirira, ndiye udzandiuze.

Aphunzitsi a masamu:
Achimwene, timuyo ndi ya anyamata kapena atsikana? Neti ya amuna imakwera mamita 2.43, ya akazi 2.24. Komanso akulipirani?

Wa ku Ndirande:
Nsapatozo ndi saizi chani? Pali munthu kuno akuyenda monyada kwambiri kkkk.

Nachisale:
Ine ndinaphunzitsapo pa sukulu ina materemu awiri. Anandilonjeza kangachepe mwezi uliwonse, koma chomwe ndinalawa ndi banzi ndi thobwa tsiku la fainolo. Minibasi ya ana ndinkalipira ndekha. Mtima umandiwawabe. Musayambe asanakulembereni pa pepala.

Mkulu wa ku Katoto:
Ndalama, ndalama! Ife tinkasewera pa fumbi opanda nsapato, seti imathera pa 15, pointi umaipeza pokhapokha service ili yako. Za libero, uja wongolandira mipira kumbuyo, kunalibe, aliyense amagwa pansi kutola mpira.

Setter mnzako:
Bambo, libero anabwera mu 1998. Pano seti ndi 25, yachisanu yokha ndiyo 15. Mnyamatayu akawaphunzitse malamulo a lero.

Mkulu wa ku Katoto:
Iwe unabadwa liti kuti uzindikonza? Libero wakoyo akapanda kulandira bwino, setter apanga chani?

Mayi a mapasa:
Nonse mwalidumpha bondo. Pitani kuchipatala akalione, kochi amaima maola ambiri. Wanga wamkulu ankati lipola lokha, lero amatsimphina.

Wa ku Ndirande:
Adzole mafuta otentha aja basi, mayi.

Mayi a mapasa:
Mafuta amalumikiza mtsempha? Musamaseweretse thupi la mwana wa eni.

Setter mnzako:
Funsa ku Volleyball Association of Malawi za maphunziro a makochi, a FIVB, bungwe la volleyball la dziko lonse lapansi, amayambira Level 1. Mipira iwiri ikuchepa, pempha ina. Ngati ndi ana a sukulu, mipikisano yawo imadzera ku MASSA, bungwe la masewera a m'sukulu, ndipo akakhala atsikana pazikhala mphunzitsi wamkazi nthawi zonse.

Membala wobisa dzina:
Zikomo nonse, ndalimbako mtima. Malume awerenga izi ndipo akuti ndikayambe geni ya kaunjika. Za nsapato ndamuimbiranso, sakuyankha.

Aphunzitsi a masamu:
Achimwene, anyamata kapena atsikana?

Mkulu wa ku Katoto:
Kaya ndi ndani, ayambe ndi kulandira service!