Gulu la banja: za chipilala cha ku Nathenje

Malume a ku 25: Mwadzuka bwanji nonse. Dzulo ndinali kwa a Gulupu. Malo atipatsa, pansi pa kachere paja pabwalo la milandu. Koma akuti chipilala chisakhale cha agogo athu okha, alembedwepo onse a kumudzi amene anatsala ku nkhondo. Mabanja anayi abweretsa kale maina. Tsono ndalama. Tinapangana K40,000 khomo lililonse. Makomo alipo 11, apereka ndi 4.

Amayi aakulu: Zikomo achimwene. Kuno mabingu ayamba, simenti isachedwe.

Alamu a ku Kawale: Pepani ndifunseko. Ngati maina ndi a mabanja asanu, simenti tigula tokha?

Malume a ku 25: Alamu, perekani kaye, mafunso pambuyo.

Alamu a ku Kawale: Ndangofunsa ine.

Naphiri wa ku Joni: Yanga ndituma pa Mukuru mwezi ukatha. Koma lisiti la chilichonse liziponyedwa pano. Za chiliza cha amayi zija ena sitinaiwale.

Malume a ku 25: Za chiliza zalowa bwanji apa?

Naphiri wa ku Joni: Sindinatchule munthu malume.

Aphunzitsi: Ndisanaiwale. Ndakhala ndikufufuza dzina la agogo pa tsamba la Commonwealth War Graves, bungwe losamalira manda a asilikali. Asilikali amene anafera ku Burma koma manda awo osadziwika analembedwa pa chipilala cha Rangoon, ku manda a Taukkyan. Maina pafupifupi 27,000. Asilikali a kwathu kuno a KAR (King's African Rifles) anamenya kumeneko mu 1944, m'chigwa cha Kabaw, nthawi ya dzinja, malungo ali pakati. Vuto ndi dzina. Ndayesa limene timalidziwa, silikutuluka. Ku Zomba analembetsa dzina liti?

Amayi aakulu: Mwana wanga, agogo aakazi sankatchula dzina la amuna awo, ankangoti bambo a uje. Ndiponso anali nawo awiri, la ku dambwe ndi la ku mpingo wa ku Nkhoma. Mzungu wolembayo kaya anamva liti.

Malume a ku 25: Apereka ndi 4.

Chemwali wa ku Likuni: Kodi petulo alipo kuti lero? Ndili pa mzere kuyambira 5 koloko.

Alamu a ku Kawale: Yesani cha ku Kanengo, ndamva kuti thanki yafika.

Chemwali wa ku Likuni: Mulungu akudalitseni alamu.

Amayi aakulu: Chimene ndikukumbuka ndi ichi. Nkhondo itatha anabwera mnzawo wa ku Dedza, wotsimphina, atanyamula kapu yachitsulo yokulunga m'kansalu. Anakhala pakhonde osalankhula mpaka dzuwa kupendeka. Agogo atangoiona kapuyo anayamba kulira. Maliro anameta popanda mtembo. Amayi anali ndi zaka zinayi, ankati chimene ankachikumbuka ndi kuzizira kwa lumo basi. Pansi pa kapuyo panali manambala okanda ndi msomali.

Aphunzitsi: Amayi!! Imeneyo ikhoza kukhala nambala yawo ya usilikali. Ndi nambala ndiwapeza ngakhale dzina analilemba mokhota. Kapuyo ili kuti?

Amayi aakulu: Inali m'sutikesi ya malemu. Amene anatsegula sutikesi tsiku la sadaka akudziwa.

Naphiri wa ku Joni: Mmm.

Malume a ku 25: Nkhani pano ndi simenti, mchenga, njerwa ndi wolemba pamwala. Wolembayo akuwerengera chilembo chilichonse, ndiye maina aatali akutipweteka. Amene simunapereke mukudzidziwa. Airtel Money kapena Mpamba, nambala ndi yomwe ija.

Achimwene a ku Mchinji atuluka pa gulu

Chemwali wa ku Likuni: Ayi ndithu.

Naphiri wa ku Joni: Abwezeni. Khomo lawo likuwerengedwa pa 11 paja.

Aphunzitsi: Ine ndili ndi pempho lina. Amalume awo a agogo anatengedwa pa nkhondo ya Chiwaya, ya 1914 mpaka 1918, osati ndi mfuti koma ngati atengatenga. Ankasenza ufa ndi zipolopolo pamutu kulondola asilikali amene ankathamangitsa Majeremani ku Tanganyika ndi ku Mozambique. Nkhondoyo kwathu inayambira ku Karonga mu Seputembala 1914. Atengatenga ambiri anafa ndi njala, kamwazi ndi chimfine cha 1918, ndipo sanalembedwe paliponse. A Commonwealth War Graves eni akewo anavomera mu 2021 kuti anthu akuda sanawakumbukire mofanana ndi azungu. Ife tiwasiyenso?

Malume a ku 25: Chilembo chilichonse ndi ndalama aphunzitsi.

Aphunzitsi: Zilembo zawozo ndilipira ndekha.

Malume a ku 25: Yambani ndi K40,000 ija.

Aphunzitsi: Malipiro sanalowe malume, mukudziwa.

Alamu a ku Kawale: Koma kodi chipilala cha ku Area 18 chija, pamene pali chiboliboli cha Kamuzu, sichokwanira? Boma limakaika nkhata chaka ndi chaka. China chili ku Zomba pafupi ndi Cobbe Barracks.

Amayi aakulu: Alamu, ku Area 18 ndipita pa chiyani ndi miyendo iyi? Ndikufuna pamene ndingafike ndi ndodo, ndikhale pansi, ndiwauze kuti mwana wawo uja anakula, anabereka ife.

Alamu a ku Kawale: Pepani amayi.

Chemwali wa ku Likuni: Tsiku ndi liti kodi? Ndiyambe kupempha tchuthi.

Malume a ku 25: Lamulungu lachiwiri la Novembala, lomwe dziko lonse limakumbukira asilikali. 11 koloko tikhala chete mphindi ziwiri, kenako pemphero.

Naphiri wa ku Joni: Gule abwera?

Chemwali wa ku Likuni: Gule akabwera amayi a chigwirizano sabwera, tisanamizane.

Amayi aakulu: A Gulupu ati gule madzulo, a mpingo atapita.

Aphunzitsi: Bwanji mganda? Unachokera komweko ku perete wa asilikali, ma badza aja akutsanzira malipenga a KAR. Aliyense angaonere.

Malume a ku 25: A mganda adya chiyani? Mbuzi imodzi yomweyo? Mbuziyonso amene analonjeza angoti zii.

Alamu a ku Kawale: Mbuzi ili ndi bere malume, ndinanena kale.

Malume a ku 25: Chaka chathanso inali ndi bere.

Naphiri wa ku Joni wabweza Achimwene a ku Mchinji

Achimwene a ku Mchinji: Foni inali ndi ana.

Achimwene a ku Mchinji atumiza chithunzi

Achimwene a ku Mchinji: Kapu ndi iyi. Sindinabe, ndinasunga. Akazi anga amayezera mchere pa okala.

Amayi aakulu: Ndi yomweyo. Chogwirira chake chopindika chomwecho.

Aphunzitsi: Itembenuzeni achimwene, mujambule pansi pake, pawale bwino. Musakweche ndi mchenga chonde.

Achimwene a ku Mchinji atumiza chithunzi

Aphunzitsi: Manambala atatu akuoneka, enawo mchere wadya. Pakani makala pang'ono mupukute ndi chala, mujambulenso.

Achimwene a ku Mchinji: Mawa, kwada.

Chemwali wa ku Likuni: Malume onani foni, ndatumiza K25,000, yotsalayo Lachisanu.

Malume a ku 25: Yafika. Apereka ndi 4 ndi theka. A ku Mchinji, pobweretsa kapuyo mubwere ndi K40,000.