Nkhungu ndi mdima wa pa etching amazitulutsa bwanji?

Chiphadzuwa_K:
Akuluakulu ndithandizeni. Masiku ano ndangoti kakaka pa The Three Trees ya 1643 ija, etching (chithunzi chosindikizidwa papepala kuchokera pa pleti ya kopa) ya Rembrandt, wojambula wa ku Holland, mitengo itatu pa kachitunda, mbali imodzi mvula ikugwa chopendekeka kwinaku kukuwala, moti ukaiyang'ana nthawi yaitali umachita kumva chinyontho pakhungu. Chikundizunguza mutu nchakuti zonsezi ndi mizere basi yokanda pa kopa. Mizere ingabale bwanji mpweya?

Mmisiri_wa_inki:
Achemwali, pa etching kopayo simuikanda ndinu, amadya ndi asidi. Pleti mumaipaka phula, nkujambula ndi singano kuti phulalo lichoke, kenako kuviika. Mzere ukakhalitsa mu asidi umazama, umasunga inki yambiri, umatuluka wakuda bii. Ndiye zakutali mumangoviika pang'ono nkuzitseka ndi vanishi, zapafupi nkuzibwezeranso mu asidi, mtunda umabadwa choncho. Koma pa mitengo ija Rembrandt anaonjezera drypoint, kukanda kopa mwachindunji, ndipo timakutu ta chitsulo totsala mmphepete mwa mzere timagwira inki nkupereka mdima wofewa uja. Vuto timakutu timeneti timaphwanyika msanga pa makina osindikizira, nchifukwa chake zosindikiza zoyambirira zimaoneka zonona kuposa zomaliza.

Gogo_Singano:
Zoona zimenezo koma ine ndimati nkhungu yeniyeni ili mu kupukuta. Ukapaka inki pa pleti umapukuta ndi kansalu kenako ndi chikhatho, ndiye ukasiya dala kautsi ka inki pamwamba osayeretsa mbee, pepala lonyowa lija limakatola kuthambo nkukhala ngati madzulo. Taonani zithunzi za Whistler, wojambula wa ku America, za mzinda wa Venice ku Italy, anapita kumeneko 1879, zina mizere ndi yowerengeka chabe, madzi ndi mdima wonse ndi inki yotsalira, moti pleti imodzimodziyo pepala lina limatuluka kukucha lina kukuda. Zimandigwira mtima kwambiri zimenezi, dzanja la munthu limaonekabe ngakhale chinthucho chadutsa pa makina.

Mmisiri_wa_inki:
Musaiwalenso aquatint agogo, fumbi la utomoni lomwaza pa pleti nkulitenthetsa kuti limate, asidi amadya mmipata mwake nkusiya timadontho tosaoneka bwino ndi maso tomwe timasunga inki nkupereka mdima popanda mizere. Goya, wojambula wa ku Spain, anaigwiritsa ntchito kwambiri mu zithunzi zake za Los Caprichos za 1799.

Chiphadzuwa_K:
Zikomo kwambiri nonse. Ndaikulitsa The Three Trees ija pa kompyuta, mdima wa pansi pa mitengo uja ndi mizere yopingasana yothithikana ndithu, komanso mu tchire la kumanja muli anthu awiri abisala omwe sindinawaonepo nkale lonse.