Kusiya nsima n'kumadya zamafuta: kodi n'zothandizadi kwa wodwala shuga?

Mwana_wachiwiri:

Moni nonse. Mayi anga ali ndi zaka 58, ndipo anawapeza ndi matenda a shuga zaka zinayi zapitazo. Amamwa metformin kawiri pa tsiku ndi glibenclamide m'mawa, komanso mankhwala a BP. Thupi lawo ndi lalikulu ndithu. Achimwene athu amene ali ku Johannesburg akulimbikira kuti mayi asiyiretu nsima, mpunga, buledi ndi mbatata, azidya nyama yonona, mazira, batala ndi masamba basi. Akuti kumeneko amati Banting, ndipo ena akusiya nayo mankhwala. Kodi n'zoona? Nanga ngozi yake ili pati? Munthu woti akapanda kudya nsima amati wagona ndi njala angayambire pati?

Wa_ku_famase:

Musanachotse mtanda ngakhale umodzi m'mbale ya mayi, yambani mwaonana ndi adokotala pa nkhani ya glibenclamide. Ngozi yoyamba ili pamenepo.

Mankhwala awiriwo sagwira ntchito mofanana. Metformin amachepetsa shuga amene chiwindi chimatulutsa, ndipo payekha sagwetsa shuga mopyola muyezo kawirikawiri. Glibenclamide amakakamiza thupi kutulutsa insulini, timadzi timene timatsitsa shuga m'magazi, kaya munthu wadya kaya sanadye, ndipo mphamvu yake imatha kufika tsiku lathunthu. Mlingo umene mayi akumwa unayezedwa molingana ndi nsima imene amadya. Nsima ikachoka mankhwala n'kutsala momwemo, shuga amagwa, nthawi zambiri chakumasana kapena pakati pa usiku. Kwa okalamba ndi amene impso zawo zafooka zimavuta kwambiri, chifukwa amatha kutsitsimuka kenako n'kugwanso patapita maola. N'chifukwa chake adokotala amayamba atsitsa kapena kuchotsa mankhwalawa tsiku lomwelo limene kadyedwe kasintha. Obaya insulini nawonso mlingo wawo umayenera kutsitsidwa, koma wotsitsa akhale dokotala, osati achimwene pa WhatsApp.

Shuga akafika pansi pa 3.9 mmol/L watsika. Makina ena oyezera shuga amawerenga mu mg/dL, ndiye pamenepo ndi 70. Zizindikiro zake ndi kunjenjemera, thukuta lozizira, mtima kugunda, njala yadzidzidzi, kulusa popanda chifukwa ndi kuyankhula zosokonekera. Zikatero sungunulani masupuni a tiyi anayi a shuga m'madzi, kapena apatseni theka la botolo la Fanta kapena Coca-Cola wamba, dikirani mphindi 15 n'kuyezanso. Akadali pansi bwerezani, akakwera adye chakudya chenicheni. Chiponde, mazira kapena chokoleti sizithandiza mwachangu chifukwa mafuta amachedwetsa. Akakomoka musawamwetse kanthu, angatsamwe. Agonekeni chammbali n'kuthamangira kuchipatala.

Za BP nazonso musaziiwale. Sabata yoyamba munthu amakodza kwambiri, madzi ndi mchere zimatuluka, BP imatsika. Amene akumwa mapiritsi okodzetsa ngati hydrochlorothiazide amamva chizungulire akamadzuka pampando. Makilo oyamba amene amachoka pa sikelo ambiri ake ndi madzi amenewa, musawaimbire nthungululu.

Za_kadyedwe:

Achimwene anuwo sakunama kotheratu. Pa magulu a zakudya, zokhutitsa ndiye zimakweza shuga kwambiri, popeza sitachi yonse ikagayika imasanduka shuga. Ukazichepetsa, shuga wa pambuyo pa chakudya amatsika tsiku lomwelo, njala imachepa, ambiri amachepa thupi, ndipo mafuta a m'magazi otchedwa triglycerides amatsika. Nzeruyi ndi yakale: insulini asanayambe kuperekedwa mu 1922, madokotala ankadalira kumana odwala zakudya za sitachi. Dzina la Banting ndi la William Banting wa ku London amene analemba za kadyedwe kameneka mu 1863, ndipo ku South Africa anakatchukitsa ndi Pulofesa Tim Noakes wa ku Cape Town. Mu 2019 bungwe la American Diabetes Association linavomereza kuti kuchepetsa makabohaidireti, kutanthauza sitachi ndi shuga wa m'zakudya, ndi njira yokhala ndi umboni wochuluka potsitsa shuga.

Chimene mauthenga a pa foni sanena n'chakuti phindu limaoneka kwambiri m'miyezi 3 mpaka 6 yoyamba. Pofika chaka, kusiyana kwake ndi njira zina zodyera kumachepa, makamaka chifukwa anthu amatopa n'kubwerera ku zakale. Ndipo amene amasiya mankhwala, chachikulu chimene chimawafikitsa pamenepo ndi kuchepa thupi. Kafukufuku wa DiRECT ku Scotland ndi kumpoto kwa England, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2017, sanagwiritse ntchito zamafuta n'komwe, ankangochepetsa kwambiri chakudya chonse. Patatha chaka, anthu 46 pa 100 alionse shuga wawo anali bwino popanda mankhwala, ndipo mwa amene anataya makilo 15 kapena kuposa anali 86 pa 100. Onsewo anali onenepa ndipo matenda anali asanapitirire zaka 6, ndiye mayi anu ali m'gulu la amene angapindule.

Tsopano mawerengero. Kudya makabohaidireti osafika magalamu 130 pa tsiku ndiye kuchepetsa wamba. Pansi pa magalamu 50 ndiye keto, ndipo Banting yokhwima ili cha komweko. Ufa wa chimanga magalamu 100 uli ndi makabohaidireti opitirira pang'ono 70. Mitanda imasiyana malinga ndi chipande cha pakhomo, choncho yezani nokha kamodzi: ngati ufa wa theka la kilo watulutsa mitanda 8, mtanda uliwonse uli ndi magalamu pafupifupi 45. Mitanda iwiri masana, iwiri madzulo, ndi 180 kale. Onjezani masilayisi awiri a buledi ndi tiyi wa masupuni atatu a shuga, mwadutsa 220, thobwa ndi mandasi tisanawerenge.

Ine ndinganene kuti asayambire pa 50. Sabata yoyamba angochotsa zakumwa: shuga wa mu tiyi, Sobo, thobwa, maheu, juwisi. Sabata yachiwiri nsima itsike kufika mtanda umodzi pa chakudya, theka la mbale likhale masamba monga bonongwe, nkhwani, chisoso, mpiru, khwanya kapena therere, mbali yotsalayo usipa, matemba, nkhuku, mazira kapena nyemba. Kadzutsa akhale mazira awiri ndi peyala, kapena mtedza wodzaza dzanja ndi tiyi wopanda shuga. Akatero ali kale cha m'ma 120 mpaka 130, ndipo akudyera limodzi ndi banja, osati mphika wawowawo. Nyemba, nandolo ndi khobwe a Banting amaziletsa, koma ine sindingazichotse: sitachi yake imalowa m'magazi pang'onopang'ono, zimathandiza kuti munthu asadzimbidwe, ndipo thumba limakwanitsa. Nyama tsiku lililonse ndani angaikwanitse mpaka chaka?

Chakudya chilichonse chimene mukuchikayikira, makina ndiwo aweruze. Yezani asanadye ndi patatha maola awiri. Kwa akuluakulu ambiri cholinga ndi 4.4 mpaka 7.2 mmol/L asanadye, ndi pansi pa 10 atadya. Pakatha miyezi itatu akayezetse HbA1c, muyezo wa magazi woonetsa mmene shuga wakhalira m'miyezi itatu yapitayo. Ambiri amafuna ikhale pansi pa 7 peresenti.

Kliniki_ya_Lachinayi:

Zanenedwazo ndikugwirizana nazo, koma mawu akuti "zamafuta" tiwamasule bwino, chifukwa ndi pamene anthu amasochera. Wodwala shuga amaopsezedwa kwambiri ndi mtima ndi sitiroko, osati shuga yekha. Batala, mafuta a nkhumba, mang'ina, chiwaya cha nyama yonona, soseji ndi polony zimakweza kolesitolo woipa, mafuta a m'magazi otchedwa LDL, ndipo kwa anthu ena amakwera kwambiri. Shuga akhoza kuoneka bwino pa makina mitsempha ikutsekeka mwakachetechete. Mafuta abwino tili nawo kale: nsinjiro, chiponde chopanda shuga, mapeyala, nthanga za maungu, mafuta a mpendadzuwa kapena soya, ndi nsomba. Ndiwo zotendera ndi mafuta okwanira, palibe chifukwa chothira batala mu tiyi. Akayezetse kolesitolo asanayambe ndi pakatha miyezi itatu. Mtedza usankhidwe bwino, wa chuku ndi wofota utayidwe, chifukwa poizoni wa chuku amawononga chiwindi ndipo kukazinga sikumupha. Komanso mtedza ndi wa mphamvu zambiri. Wokutha mbale yathunthu pocheza thupi silingachepe.

Impso ziyezedwe kaye, magazi ndi mkodzo womwe. Shuga ndi BP pamodzi zimadya impso popanda ululu. Zikapezeka zofooka, nyama ndi mazira ochuluka zimaziwonjezera ntchito, ndipo usipa wouma wothira mchere wambiri umakweza BP. Uviikeni m'madzi ofunda n'kutaya madziwo musanaphike.

Pali anthu amene keto si yawo: amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, ana, odwala TB, ndi aliyense amene akuwonda osafuna. Kuno kwathu odwala shuga ambiri si onenepa ayi, vuto lawo n'lakuti thupi likutulutsa insulini wochepa. Wotereyu ukamumana nsima n'kumuuza kuti asiye jakisoni, wamuika m'njira ya kumanda. Thupi likasowa insulini limaotcha mafuta mosalamulirika, timadzi totchedwa ketones timachuluka, magazi amasanduka asidi. Zizindikiro zake ndi kusanza, m'mimba kupweteka, ludzu losatha, kupuma mozama ndi mofulumira, ndi mpweya wa m'kamwa wonunkhira ngati zipatso zovunda. Zimenezo n'za kuchipatala usiku womwewo. Amene akumwa empagliflozin kapena dapagliflozin, mankhwala ena a shuga, angagwidwe ndi vutoli shuga ali wooneka bwinobwino pa makina, ndiye mankhwalawa ndi keto siziyendera limodzi.

Mowa nawo: chiwindi chikatanganidwa ndi kachasu chimasiya kutulutsa shuga, ndipo munthu wosadya zokhutitsa amakhala ndi nkhokwe yochepa kale. Amagwa usiku, anthu n'kumati waledzera.

Mwana_wachiwiri:

Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula maso. Tipita nawo kaye kuchipatala. Funso lomaliza: anthu amati mgaiwa ulibe vuto, wodwala shuga angadye mmene angafunire. Nanga uchi m'malo mwa shuga?

Za_kadyedwe:

Mgaiwa ndi wabwino kuposa ufa woyera chifukwa gaga ndi mtima wa chimanga zikadalimo, koma sitachi yake ndi pafupifupi yomweyo. Mitanda itatu ya mgaiwa imakweza shuga kuposa mtanda umodzi wa woyera. Kondowole ndi mpunga ndi chimodzimodzi, muyezo wake ndi womwewo wa mtanda umodzi. Uchi ndi shuga basi, supuni yake imaposa pang'ono ya shuga wa m'paketi. Zipatso adye chimodzi pa nthawi, chathunthu osati chofinya: gwafa, lalanje kapena kachidutswa ka papaya. Nthochi imodzi yapakatikati ili ndi makabohaidireti magalamu pafupifupi 25, ndipo nyengo ya mango muziwawerengera, limodzi laling'ono pa tsiku. Popita kuchipatalako tengani kabuku kolembamo shuga wa sabata yathunthu, wa m'mawa ndi wa pambuyo pa chakudya, pamodzi ndi mapaketi a mankhwala onse amene mayi akumwa, kuti adokotala aone poyambira kutsitsa.