Makakitasi a dimba la mavolontiya akuola, tichite bwanji?

Nachisale:
Moni nonse. Ndife kagulu ka mavolontiya, tinapatsidwa kamalo kuti tipangepo dimba la makakitasi ndi zomera zina zosunga madzi ngati alovera ndi khonje, cholinga choti ana asukulu ndi odutsa azibwera kudzaona. Anthu anapereka zomera zambiri mwaulere ndipo poyamba zimaoneka bwino zedi koma pano zambiri zafewa kumunsiku, ukangogwira tsinde likubonyoka, mkati muli bii komanso mukununkha. Dothi lake ndi lamakande, mvula ikagwa madzi amadikha mpaka mawa lake. Chinanso aliyense akabwera amathirira poganiza kuti mnzake sanathirire. Kodi tizule zonse tiyambirenso? Nanga ntchito tigawane bwanji kuti anthu asagwe ulesi? Zikundipweteka mtima kwambiri.

Angozo_aDimba:
Pepani mayi, koma musataye mtima, zambiri zipulumuka. Chikuzipha ndi madzi basi. Zomerazi zimatsegula timabowo topumira usiku kukazizira, masana zimatseka kuti madzi asatuluke, ndiye zimamwa pang'ono kwambiri ndipo mizu ikakhala m'matope imasowa mpweya nkuyamba kuola. Zulani zomwe zafewazo, dulani ndi mpeni woyera wopukuta ndi spiriti, muzidula mokweza mpaka mufike pomwe mnofu wake ndi woyera wopanda kadontho kakuda ngakhale kamodzi. Mukatero musabzale pompo ayi, ikani pamthunzi pouma sabata imodzi kapena ziwiri mpaka bala liume gwa, kenako mubzale mu dothi louma ndipo mudikirenso masiku angapo musanathirire.

Za makandezo, osalimbana nkukumba maenje chifukwa dzenje la m'makande limasunga madzi ngati beseni. Kwezani mabedi mmwamba, masentimita 30 kapena kupitirira, mutchinge m'mbali ndi miyala kapena njerwa zosweka. Dothi musakanize mchenga wokhakhala wa kumtsinje ndi timiyala ting'onoting'ono, zimenezi zikhale theka kapena kuposa, dothi la pamwamba pang'ono chabe, manyowa musachulutse. Pomaliza yalani timiyala pakhosi pa chomera chilichonse kuti tsinde lisamakhudzane ndi chinyezi. Mulambulenso kangalande kumtunda kuti madzi a mvula azilambalala.

Mlongo_Nabanda:
Zoona zimene anena Angozo. Ine ndiyankhe za anthu chifukwa kwathunso zinali choncho, munthu akabwera kudzathandiza amafuna aone kuti wagwirapo kanthu ndipo chapafupi ndi kheni. Ndiye kungowauza kuti osathirira sikuthandiza, apatseni ntchito ina m'manja. Ife tinagwirizana kuti wothirira ndi mmodzi yekha pa mwezi, kheni imakhala yokhomeredwa, ndipo pali kope lomwe amalembamo tsiku lomwe wathirira. Asanathire amabaya kamtengo kouma pansi, kakatuluka konyowa kapena komata dothi amasiya. Nthawi ya mvula sitithirira nkomwe. Enawo amazula udzu, kututa miyala pa wilibala, kulemba mayina a zomera pa timatabwa, ena kuyendera ndi maso kufuna kodikodi, uja woyera ngati thonje amabisala m'mphako za masamba, timamupukuta ndi kathonje koviika mu spiriti. Komanso munthu aliyense mpatseni bedi lakelake, mudzaona amabwera osaitanidwa chifukwa safuna bedi lake lichite manyazi. Pa gulupu ya WhatsApp muzitumiza zithunzi chomera chikachita maluwa, anthu zimawalimbitsa mtima kwabasi.

Mbewe_74:
Poti mwati kuzibwera ana, samalani ndi mitundu iwiri. Ma Euphorbia, abale ake a nkhadze, amafanana ndi kakitasi koma si kakitasi, ali ndi utomoni woyera ngati mkaka womwe umawotcha khungu ndipo ukalowa m'maso ndi nkhani ya kuchipatala. Abzaleni pakati pa bedi kutali ndi njira, podula valani magolovesi ndi magalasi. Wachiwiri ndi Opuntia, wa masamba aphwatalala uja, ali ndi timinga ting'onoting'ono ngati ubweya tomwe timakanirira pakhungu, komanso tsamba limodzi likagwa pansi limamera. Ku Australia anadzaza minda yambirimbiri mpaka m'ma 1920 anachita kukatenga kagulugufe kotchedwa Cactoblastis cactorum ku South America kuti mbozi zake zimudye. Ndiye zidutswa zake osangotaya kudzala.

Chinanso anthu akamapereka zomera muzifunsa komwe azitenga. Makakitasi kwawo ndi ku America, kupatula mtundu umodzi wa Rhipsalis womwe umapezekanso ku Africa, ndipo kafukufuku wa 2015 anapeza kuti 31 pa mitundu 100 iliyonse ili pachiopsezo chakutha, china mwa zifukwa zake nkuzula m'tchire kukagulitsa. Landirani timphukira ndi zodula za m'miphika ya anthu, zozulidwa kutchire muzikana.

Nachisale:
Zikomo kwambiri nonse, Loweruka tiyamba ndi kuzula zofewazo. Nanga achimwene Angozo, pomwe tikumanga mabediwo zamoyozi tizisunge pati?

Angozo_aDimba:
Zuleni ndi mizu yake, kung'unthani matope onse, muziyale pa makatoni pakhonde pomwe sipafika mvula koma pakuwala. Zikhoza kukhala choncho masabata angapo osafa, ndiye mangani mabediwo mosathamanga. Pobwezera zazitali ziyike kumbuyo, ndipo zomwe zakhalitsa pamthunzi muzizoloweze dzuwa pang'onopang'ono chifukwa zimapsa.